Mapiritsi Atatu a Sisita

Kapu inagwa Lachiwiri m'mawa. Edna anali kale pakhomo, nsapato imodzi kuphazi ina m'manja, mtima uli pa minibasi ya ku Kamwala kumene ankagulitsa nsalu m'sitolo, pamene anamva kusweka pa simenti. Atacheuka anapeza amai ake ataima pafupi ndi mbaula, akuyang'ana dzanja lawo lamanzere ngati achita kubwereka kwa munthu wina. Madzi a mandimu ankayenderera kulowera kunsi kwa kabati.

Amake Rodgers, monga ankawaitanira anthu onse a mu komboni ya George, anati ndi mphepo ya Juni basi. Anatikita zalazo pa chitenje, kuzipinda, kuziwongola, ndipo patapita kanthawi zinayamba kumvera. Koma Edna anali ataona kale china. Polankhula, mbali imodzi ya milomo yawo inkachedwa kutsatira inzake.

Bambo ake anayambanso chonchi, iwo ndi supuni. Kenaka zaka zinayi ali chigonere mpaka kumwalira, mbali imodzi itafa, Edna akuwatembenuza, kuwapukuta, kuona zimene mwana wamkazi sayenera kuona, kuchapa mabulangete pampopi anthu akusuntha zigubu zawo kuthawa fungo. Sukulu anaisiyira pomwepo. Mchimwene wake Rodgers anali ku Kitwe, ndipo mbali yake pa matendawo inali kuimba foni Lamlungu lililonse n'kufunsa ngati mudala akudya. Edna anali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu tsopano, koma msana wake unali wa munthu wamkulu, ndipo ankadziwa kuti mtolo ngati uja sangausenzenso kachiwiri.

"Amai, mapiritsi ya bipi mukumwa?"

"Nikumwa."

"Lelo mwamwa?"

"Iwe, basi izakusiya. Pa Chisanu ni siku yanga ku kiliniki, ba sista bazaniona."

Anawachonderera kuti apite pompo, iwo anatenga tsache n'kuyamba kusesa zidutswa za kapu ndi dzanja lamanja. Edna anavala nsapato inayo n'kutuluka.

Pakati pa bwalo lawo panali mtengo wa mandimu umene agogo ake aamuna anabzala atangofika kuchokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito ya njanji. Kwa zaka zambiri unali mtengo wamba, womangapo chingwe choyanikira zovala. Unakwezedwa pantchito m'chaka cha korona. Mandimu atasowa m'misika, anthu ankachokera ku Matero ndi ku Lilanda kudzagogoda pa geti ya malata, ndipo amai sanabwezepo munthu chimanjamanja. M'bwalomo simunafe munthu chaka chimenecho. Kuyambira pamenepo amai sankamvanso za munthu: mandimu amatsuka magazi, amasungunula mafuta a mumtima, amalimbitsa asilikali a m'thupi. Rodgers naye ankasonkhezera moto ndi mavidiyo a pafoni, a anthu ovala majasi oyera amene palibe ankadziwa chipatala chawo. Edna sankadana ndi mandimu. Chimfine chikamugwira nayenso ankafinyira m'madzi otentha ndi jinja, ndipo pakhosi pankafewa. Koma chimfine ndi chimfine.

Atabwerako madzulo, dzuwa likufiira kuseri kwa fumbi, amai anamutuma kukasiya ketulo ya madzi otentha kuchipinda chakuseri. Nthawi zonse ankapitako okha, koma ketulo yodzaza imafuna manja awiri.

M'chipindamo munkakhala Bana Chewe, mayi wa Chibemba wa ku Kasama, wamkulu thupi, wa maondo otupa ngati maungu. Amuna awo atamwalira, achibale a malemuwo anabwera ndi galimoto ku Chaisa n'kutenga nyumba, mipando, ngakhale sutikesi imene munali mapepala awo onse. Anafika mu George ndi chidebe ndi bulangete, ndipo amai anawapatsa chipindacho. Edna anaika ketulo pansi, nayamba kuthira madzi m'beseni loviikamo miyendo, ndipo m'pamene anaona kathumba ka pulasitiki ka ku kiliniki kali pampando. Pa kapepala kake panali dzina lolembedwa ndi bolopeni: Chrissie Nkhoma.

"Bana Chewe, aya mapiritsi ni ya ndani?"

"Ya amai ako, mwana wanga. Nanga sibanakuuze?"

Sanabise kanthu, chifukwa sankaona chobisa. Nawonso anali ndi bipi, ndipo buku lawo lakale la ku chipatala linapita ndi sutikesi ija. Atangosamukira kuno anakwawa ndi maondo awowo mpaka ku kiliniki, kukhala pamzere theka la tsiku, n'kungouzidwa pawindo kuti abwere ndi buku lakale. Sanabwererekonso. Mutu utayamba kuwagunda ngati ng'oma, Amake Rodgers anawapatsa mandimu, koma Bana Chewe anali ndi zilonda za m'mimba ndipo madziwo ankawaotcha mpaka kugubuduzika. Ndiye amai awiriwo anagawana monga amagawanirana makala: amene mimba yake ikulola mandimu amwe mandimu, amene siikulola amwe mapiritsi. Unali mwezi wachisanu ndi chitatu tsopano.

Edna anatuluka osatseka chitseko. Anapeza amai ake pansi pa mtengo, atapanikiza ndimu pabondo akulidula ndi dzanja limodzi. Zimene analankhula poyamba sizinali za mwana wolankhula ndi kholo, ndipo a nyumba yoyandikana anachepetsa wailesi kuti amve bwino. Amai anamusiya mpaka mpweya unamuthera. Kenaka anamasula mfundo ya pangodya ya chitenje chawo. Munali mapiritsi atatu oyera.

"Aya ni ya ba sista," anatero. "Mailo limodzi, pa Chinayi limodzi, pa Chisanu m'mawa limodzi. Makina yakondwela, ba sista bakondwela, tonse tabwelela ku nyumba."

Nzeru imeneyi sanaiyambitse iwo. Anaiphunzira pabenchi ya ku kiliniki, kwa amai anzawo amene akhala akudikira pamenepo zaka ndi zaka. Makina akaonetsa nambala zokwera, umakalipiridwa ngati mwana, umabwezedwa pabenchi kukakhala ola lina, mwinanso kulemberedwa kalata ya ku chipatala chachikulu kumene tsiku lonse limathera pamzere. Ndiye kaya mwezi wonse wamwa kaya sunamwe, masiku atatu omaliza usaphonye. Ena mapiritsi otsalawo ankasungira mwezi umene kiliniki idzakhale ilibe. Ena ankatumiza kumudzi. Ena ankangotopa nawo.

"Manje munamiza ndani?" anafunsa Edna. "Makina siyadwala, Amai. Mutima ni wanu."

"Mutima wanga uli na mtengo. Uja munzanga alibe kanthu. Ufuna nimwe vonse viwili neka, eve afe kuseli kwa nyumba yanga? Si ndiwe wamene ukamba masiku yonse ati bali na vinthu sibaganizila banzao?"

Analidi Edna yemweyo. Ndiye ankalalata mu minibasi za anthu a ku Kabulonga amene ali ndi makina oyezera m'zipinda zawo zogona pamene George yense akupanikizana pa makina amodzi. Ndiye anafuna kukwera basi kukatukwana achibale a Bana Chewe ku Chaisa. Tsopano chilungamo chomwecho chinakhala pansi pa mtengo, dzanja limodzi lili lende, chikumuyang'ana.

Lachitatu amai anamwa piritsi. Lachinayi anamwa. Edna anapempha tchuthi cha Lachisanu kwa mwini sitolo, amene anamukumbutsa kuti atsikana ofuna ntchito amadzaza pakhomo m'mawa uliwonse.

Anafika ku kiliniki mphepo ikudula makutu. Benchi ya a bipi inali itadzaza kale, amai okhaokha kupatula madala awiri ovala zipewa zaubweya, ndipo aliyense ankapereka moni kwa Amake Rodgers ngati kwa mkulu wa mpingo. Wina anafunsa ngati mtengo wabereka bwino chaka chino. Wina anati mdzukulu wake akutsokomola, atumiza munthu madzulo. Edna anaima chotsamira khoma maola atatu, akuyang'ana ngodya za zitenje, akuganiza kuti ndi zingati zimene zinali ndi mfundo dzulo.

Sisita Inonge anali mayi wamtali, wowonda, maso ofiira ngati sanagone sabata yonse. Chipinda chake chinali tebulo, mipando iwiri ndi nsalu yobiriwira m'malo mwa chitseko. Anamanga lamba wa makina pa mkono wa amai, lambayo anafufuma, anaphwa, ndipo sisitayo anagwedeza mutu mokhutira. Anatsegula buku n'kuyendetsa chala pa miyezi yam'mbuyo. Anati akanakhala kuti onse pabenchi paja amamwa mankhwala ngati Amai Nkhoma, iye akanaonjezako thupi. Amai anaponyera Edna diso la pambali.

Kenaka sisitayo anatenga bolopeni. Anati popeza nambala zakhala bwino miyezi yonseyi, alankhula ndi adokotala kuti mankhwala achepetsedwe mphamvu, ndipo m'malo mwa mwezi ndi mwezi azibwera pakatha miyezi itatu.

Edna anali atadziuza panjira kuti akamukokera sisitayo pambali, kulankhula motsitsa, mwaulemu. Koma bolopeni inali itagunda kale pepala.

"Ba sista, musalembe. Sibamwa. Bamwa chabe yatatu pafupi na siku yanu, yenangu bapasa munzao. Mwezi wonse ni mandimu. Pa Chiwili kwanja kunafa, kapu inagwa, kamwa inapindika. Naona na maso yanga."

Nsalu yobiriwira siitchinga mawu. Pabenchi, pamene panali phokoso ngati pamsika, panangoti zii.

Sisita Inonge sanakalipe. Anaika bolopeni pansi, kuvula magalasi, kutikita m'maso nthawi yaitali. Anauza amai kuti akweze manja onse awiri, amwetulire, amufinye zala. Dzanja lamanzere linafinya ngati la mwana. Anati chimene chinachitika Lachiwiri ndi kugogoda, ndipo mlendo wake akabweranso sagogoda. Za mandimu anati amwe ndithu, ndi chipatso chabwino, chimathandiza thupi monga malalanje ndi masamba, iyenso amamwa. Koma sanaonepo mtengo wotsitsa bipi ya munthu amene amafunika mapiritsi, ndipo mankhwala olembera munthu mmodzi akhoza kumupweteka wina. Anawalowetsa kwa adokotala tsiku lomwelo, ndipo anatulukako ndi kathumba katsopano ndi kalata ija ya ku chipatala chachikulu imene amai anakhala akuithawa. Za Bana Chewe sisitayo anati abwere nawo Lolemba, buku kaya palibe, asaime pawindo, afunse Inonge.

Kenaka anakankha nsalu ija n'kuima pamaso pa benchi. Anati kuyambira mwezi wamawa aliyense azibwera ndi kathumba kake, ndipo a zaumoyo oyenda m'makomo azidzafika ndi makina tsiku limene sananene.

Edna anadutsa pakati pa maso makumi angapo. Mayi wina wa duku lofiira anatsonya n'kunena, osayang'ana munthu, kuti ana a masiku ano ukawabereka wabereka polisi.

Amai anayenda patsogolo njira yonse, msana uli chilili, osacheuka. Atafika pa geti m'pamene analankhula, motsitsa, kuti Edna anawavula pagulu, ndipo sanavule iwo okha.

Nkhani inali itawadutsa kale panjira. Pakhomo pa nyumba anapeza kathumba kakale kaja kataikidwa pa sitepe, katapsinjidwa ndi mwala. Chitseko cha Bana Chewe chinali chotseka. Edna atagogoda, anamva mawu kuchokera mkati kuti iwo sanabwere mu George kudzapha munthu amene anawapatsa denga, ndipo ku kiliniki sapita, akaonekere bwanji pabenchi pamene aliyense akudziwa kuti ndiwo ankadya mankhwala a mnzawo.

Amai anatola kathumbako, anakaphatikiza ndi katsopano, n'kuika tonse tiwiri pawindo.

"Nizamwa siku yamene Bana Chewe bazankhala na yao," anatero. "Osati pambuyo, osati pasogolo."

Loweruka timatumbato tinali pomwepo. Edna anapita ku ntchito, anayeza nsalu molakwika kawiri, anabwerako n'kupeza sitinasunthe. Anakalipa, anachonderera, anaimbira Rodgers, amene anati amai ndi akulu asawakakamize, n'kutumiza vidiyo ina. Lamlungu m'mawa anadzuka n'kuyang'ana kaye milomo ya amai ake asanawapatse moni. Lachiwiri lija, pa anthu awiri mmodzi ankamwa mankhwala. Tsopano, chifukwa cha pakamwa pake, panalibe ndi mmodzi yemwe. Kuyambira Lachisanu lija palibenso amene anabwera kudzapempha mandimu, ngakhale wa mdzukulu wotsokomola uja.

Anthu atabwerako ku tchalitchi, Edna anamanga chitenje pamwamba pa thalauza, anapita kuseri, n'kugwada pa dothi pakhomo pa Bana Chewe. Kugwada sikunali m'magazi mwake. Anawomba m'manja katatu n'kudikira. Nkhuku inadutsa. Maondo anayamba kuwawa.

"Bana Chewe, nalakwa kukamba pa bantu. Sininalakwe kukamba. Amai bakana kumwa mpaka imwe mukapasiwe yanu. Batate ninabasunga zaka folo. Nilibe mphamvu ya zina folo. Ngati simufuna kuyendela imwe, yendelani ine."

Mkati bedi linalira, ndipo chitseko chinatseguka pang'ono. Bana Chewe anamuyang'ana kuchokera pamwamba, maso otupa. Anati ngakhale atafuna, maondo awa sangafike ku kiliniki, ulendo uja anagona masiku atatu. Edna anati zimenezo azisiyire iye.

Takisi siilowa m'njira ya kwawo, miyala ndi ngalande zinaitseka kalekale. Lolemba kusanache bwino Edna anakabwereka wilibala kwa a Kapambwe ogulitsa makala, anaitsuka pampopi mpaka madzi anasiya kuda, n'kuyalamo katoni ndi bulangete. Bana Chewe ataiona anabwerera m'mbuyo. Anati iwo si thumba la makala, ndipo mu wilibala amakweramo oledzera ndi akufa. Mkangano ukanafika masana, koma amai anatuluka m'nyumba atavala juzi ndi chitenje cha ku tchalitchi, atanyamula pilo wawo. Anamuika mu wilibalamo osayang'ana Edna.

"Kwelani, Bana Chewe. Bakaseka, baseke tonse."

Anthu anasekadi, ena. Ana opita kusukulu analondola kumbuyo mpaka amai anawathamangitsa. Gudumu linkalira, linkakodwa pa mwala uliwonse, ndipo pa ngalande iliyonse Bana Chewe ankaitana amai awo a ku Kasama amene anafa kalekale. Edna anapumula kanayi. Pofika ku kiliniki manja anali atatuluka matuza, malaya atanyowa ngakhale kunali mphepo.

Benchi inawaona akulowa. Palibe anapereka moni, koma mayi wa duku lofiira uja, amene anabweranso kudzatenga mankhwala a amuna ake, anasuntha pang'ono kuti Bana Chewe akhale. Sisita Inonge anasunga mawu ake. Atawayeza Bana Chewe, makina anaonetsa nambala zimene zinamuchititsa kuyezanso kachiwiri, ndipo mapiritsi amene anawalembera anali amtundu wina, osati aja anakhala akumwa miyezi isanu ndi itatu. Anatuluka ndi buku latsopano la chikuto chabuluu, dzina lawo lili pamwamba. Bana Chewe analigwira pachifuwa njira yonse yobwerera.

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Foni ya Edna inali ndi mauthenga atatu a mwini sitolo, ndipo sanawatsegule. Kalata ya ku chipatala chachikulu inali ikudikirabe pa kabati, kutanthauza tsiku lina lopempha, mzere wina. Anakhala pa sitepe.

Amai anabweretsa makapu atatu ndi mpeni, ndi mandimu awiri. Anayesa kufinya, dzanja lamanzere linakana kugwira, ndipo anakankhira mandimuwo kwa Edna. Edna anafinya. Madziwo analowa m'matuza ophulika aja, anaotcha mpaka misozi inalengeza, koma sanasiye. Kapu ya Bana Chewe inali ya madzi okhaokha.

Amai anatenga kathumba katsopano pawindo, anadikira mnzawo atsegule kake, ndipo anameza pamodzi. Anatsitsira ndi madzi a mandimu, anapukuta pakamwa, n'kuyang'ana m'mwamba mu mtengo.

"Waona," anatero. "Na mandimu yapita bwino."

Edna anali ndi yankho, linafika mpaka pa lilime. Anayang'ana kathumba kali m'manja mwawo, anayang'ana ngodya ya chitenje imene inalibe mfundo, ndipo analimeza. Anadzuka pang'onopang'ono, anagwira wilibala ndi nsonga za zala, n'kuyamba kuikankha kubwerera kwa a Kapambwe.